Polishi pa dazi

Wometa wanga wa ku Chibavi ndiye anandiululira. Anazimitsa makina n'kunena kuti, "Bigi, pakatipa ndikulipiritsani theka, palibe chometa."

Kunyumba aliyense anali ndi womuloza chala. Anzanga ankati ndi chipewa cha ubweya chomwe sindivula ikangokwana Juni, mayi ankati ndi maganizo a ngongole. Mchemwali wanga, namwino, anangotiseka. Akuti chipewa chilibe mlandu. Dazi la amuna n'lakumtundu, limachokera kwa bambo kapena kwa mayi, ndipo homoni yotchedwa DHT imafooketsa mizu ya tsitsi, limamera lopyapyala mpaka kusiyiratu. N'chifukwa chake limayambira m'mbali mwa chipumi ndi paliwombo. Lothothoka ndi chipere, matenda kapena kuchepa magazi limatha kumeranso. "Koma lanuli achimwene, taonani mutu wa amalume a ku Dedza." Anatchula mankhwala opaka a minoxidil, oti ukangosiya kupaka tsitsilo limapitanso. Ine ndi thumba langali? Ayi ndithu.

Loweruka kunali chinkhoswe cha mnzanga ku Katoto. Ndinatenga polishi wakuda wa nsapato, kupaka bwinobwino ndi mswachi wakale, pagalasi n'kudziona mnyamata. Malaya oyera, kabaza, ulendo.

Aliyense wa ku Mzuzu kuno amaidziwa mvula yowaza ija, yosagwa zenizeni koma yosakata. Inatipeza panjira. Ndinkamva timadzi tikutsikira m'khosi, ine n'kumangopukuta ndi dzanja, kenako dzanja lomwelo kumaso.

Nditangolowa, ana anamwazikana. Gogo wina anandigwira mkono mwachifundo: "Pepani bambo, mwagwera mu oyilo?" Kolala yakuda bii, mizere itatsika mpaka kumsana, paliwombo pali ngwee kuposa kale chifukwa polishi ntchito yake n'kuwalitsa. Mayi wina anandipatsa sopo ndi beseni, ndipo ndinasamba mutu kuseri kwa tenti, azimayi ophika akufa nazo nseko.

Ndinakakhala kumbuyo kwenikweni kuti ndiiwalike. Perekaniperekani atafika pakati, woyendetsa mwambo anakuwa pa maiki: "Amati dazi ndi chuma! Onse a dazi bwerani kutsogolo ndi ma K5,000, tiyambire achimwene asamba kumene aja!"

M'thumba munali ya kabaza yobwererera basi. Ndinaiponya mu lichero ndikuvina, ndipo ku Chibavi ndinabwerera wapansi.