Ndasintha supavaiza, ndiye tamvani zomwe ndatolapo

Abale, fomu yosinthira supavaiza ija yasainidwa. Ndili ndi supavaiza wina tsopano ndipo ndikupumako bwino, ndiye ndati ndilembe poti ambiri a masitazi timangong'ung'udzira m'magulu a WhatsApp basi.

Za njira yake sinditayapo nthawi, mukuidziwa, kodineta kenako a hedi kenako komiti ikumane. Chomwe chinanditsegula mutu ine ndi chakuti komiti siikhalira pansi kuti iweruze ngati munthu wakulakwira, imayang'ana mapepala ndi madeti. Ukapita ndi zoti "sakundiyankha, sandifuna" umangooneka mwana wolira, komanso amene ukuwadandaulirawo amamwera tiyi limodzi ndi amene ukuwanenawo. Koma ukayala pa tebulo kuti chaputala ichi ndinatumiza tsiku lakuti, ndinakumbutsa tsiku lakuti, ndemanga mpaka pano zii, nkhani ija imachoka pa iwe ndi iwowo, imasanduka ya nthawi. Ndipo nthawi aliyense amaiopa chifukwa nayo dipatimenti imafunsidwa kuti ana anuwa amaliza liti.

Kwa ine nthawi ndi nyengo. Kafukufuku wanga ndi wa chuku mu mtedza konkuno ku Mchinji, masampulo ndimatenga kwa alimi a mtedza wa mtundu wa CG7 cha ku Mkanda ndi ku Kapiri, ndikufananitsa oyanika pansi ndi ounjika pa Mandela cock, mulu wozungulira uja wosiya mpata pakati kuti mphepo izidutsa. Mtedza umakumbidwa kuyambira cha mu Epulo, ndipo chuku chimalowerera kwambiri poyanika ndi posunga, makamaka ena aja amauwaza madzi kuti usavute kuswa. Ndiye pulopozo ikagona mu ofesi, chilolezo cha ethics, chija chokuloleza kuchita kafukufuku pakati pa anthu, chimachedwanso, ukamafika kumudzi mavenda anasesa kale wonse ndipo uyenera kudikira chaka china fizi ukulipirabe. Nditafotokoza choncho, ndi kalendala m'manja, palibe anatsutsa. Zoti ku Ulaya amakana mtedza wodya poizoni wa chuku akadutsa 4 ppb (magawo anayi pa biliyoni) sizinawakhudze ngati kalendala ija.

Njira yanga yosungira madeti ndi kaimelo kakafupi tikangomaliza kukumana ndi supavaiza: tagwirizana izi, ine nditumiza pofika tsiku lakuti, inu bwana mwati muyankha pofika lakuti. Basi. Ngakhale mwakumana pa korido kapena mwalankhula pa foni, lembani. Ine ndikuti kaimelo kameneka kakanakhala lamulo, milandu yonse ya ma supavaiza ikanatha, mundikanire koma ndaona ndi maso.

China, sindinalembe kuti achotsedwe. Ndinalemba kuti ntchito yapendekera ku labu ndiye ikufunika munthu wa mbali imeneyo, akalewo atsale ngati wachiwiri. Ndipo ndinapita kukawauza ndekha fomu isanawapeze, munthu wamkulu samvera nkhani yake kwa ena.

Koma aphunzitsi athuwa nawonso ayi ndithu. Ndikudziwa ali ndi ana ambiri oyang'anira, makalasi odzadza, zolemba zosachonga mulu, koma sabata ino wekishopu ku Salima, yamawa ku Mangochi, iwe wakwera minibasi m'mamawa kuchokera pa boma, ndalama ya thiransipoti yobwereka, ukafika chitseko chotseka ndipo foni ikungoitana. Meseji imodzi yokha yoti "musabwere lero" imavuta chani? Ndiye udandaule, akuti ana a masiku ano mulibe ulemu.

Zomwe sindikudziwa ndi zakutsogoloku. Atsopanowa awerenga chaputala 3 ndipo akuti kasankhidwe ka alimi tikaonenso, zomwe zikhoza kundibweza m'mbuyo kuposa mmene ndinalili. Pepala likadzatuluka dzina la ndani lidzayambe, poti ganizo loyamba linali la akale aja? Ndipo tsiku la difensi, lokayankha mafunso pa kafukufukuyu, akalewo adzakhala m'chipinda momwemo, adzangokhala chete kapena adzafunsa funso lija ndimaliopa la masampulo... kaya. Amene munasinthapo, zinatha bwanji kumapeto?