Liwu limodzi loti "wosalakwa"

Mtima wakhala m'malo tsopano. Milungu itatu ndakhala ndikulimbana ndi mutu wa kusalana pa nthawi ya mliri wa Edzi, ndikuyesa kuti gwero lake linali umbuli basi. Zandilowa usiku wathawu, magetsi atathima, ndikuwerenganso nkhani ya Ryan White ndi tochi ya pafoni.

Mnyamata uja, wa ku Indiana m'dziko la America, anatenga kachilombo kudzera m'mankhwala opangidwa kuchokera ku magazi, ndipo mu 1985 anamuletsa kulowa m'kalasi. Atolankhani anamumvera chisoni, ambiri n'kumamutcha wosalakwa. Pamenepo ndi pomwe ndinaima. Ukanena kuti uyu ndi wosalakwa, waweruza kale kuti enawo ndi olakwa. Enawo ndani? Amuna ogonana ndi amuna anzawo, odzibaya mankhwala ozunguza bongo, komanso anthu a ku Haiti, omwe bungwe la boma la America loona za matenda la CDC linawasunga pamndandanda wa magulu a pachiopsezo mpaka 1985, mlandu wawo uli dziko lomwe anabadwira. Onsewa ankanyozedwa kale matendawa asanamveke. Mliri unangodutsa m'njira yomwe tsankho linalambula kale, nyuzipepala n'kuikuza.

Ngakhale Gaëtan Dugas, bambo wa ku Canada wogwira ntchito m'ndege amene anamusenzetsa mlandu wobweretsa Edzi ku America, ofufuza anamulemba ndi chilembo O, kutanthauza wochokera kunja kwa California. Anthu anawerenga ziro, ngati kuti iye ndiye anali wodwala woyamba. Kafukufuku wa 2016 anamuyeretsa, mwiniwake atamwalira kale mu 1984. Zimandiwawa.

Njira yomwe yandithandiza ndi yokopera mitu ya nkhani zakale m'kope, kenako n'kudula mzere kunsi kwa liwu lililonse loweruza. Anzanga, palibe njira yoposa imeneyi. Ndayesanso ndi mawu athu: kaliwondewonde, matenda a boma, ndi zija timamva pamaliro zoti anadwala nthawi yaitali. Kope ladzaza mizere.

Aphunzitsi athu mutu wonsewu anauthamangira m'ola limodzi, zaka ndi mayina okhaokha pabolodi, ati nthawi yatha. Mayeso ndi awa, Lachinayi.

Komabe pali chondisautsa. Gugu Dlamini anaphedwa ndi anthu a m'dera lake ku KwaMashu, ku South Africa, mu 1998 ataulula poyera kuti ali ndi kachilombo. Omuphawo anali osauka anzake, osati eni nyuzipepala. Kodi pamenepa ndiloze tsankho lakale lija, kapena mantha enieni a anthu omwe ankaika maliro sabata iliyonse, mankhwala asanawafike? Mwina zonse ziwiri, kaya. Sindinapezebe poti ndiziike m'yankho langa.