Mota ya Y yasiya kutaya masitepe

Kwa masabata atatu makina anga a CNC (makina osema matabwa motsogozedwa ndi kompyuta) akhala akundiwonongera matabwa. Loweruka lina ndimalemba dzina la sitolo pa thabwa la mlombwa, ndipo zilembo zoyamba zinatuluka bwino, koma pofika pa chilembo chomaliza mzere unali utatsetsereka pafupifupi mamilimita 2. Mlombwa ndi wodula, choncho mtima unandiwawa.

Kwa anzanga amene mwangoyamba kutsatira ntchitoyi: mamota anga ndi a NEMA 23, oyendetsedwa ndi ma driver (timabokosi topatsa mota magetsi) a DM542, ndipo ubongo wa makinawo ndi kakompyuta ka Arduino Uno kokhala ndi GRBL, pulogalamu yolamula mamota. Mota iliyonse imayendetsa makina mbali imodzi, X, Y kapena Z, ndipo vuto linali pa Y. Mota yotere imazungulira madigiri 1.8 pa sitepe imodzi, ndiye kuti masitepe 200 pa kuzungulira kamodzi. Vuto lake ndi lakuti siyankha. GRBL imatumiza masitepe n'kumaganiza kuti onse achitika. Mota ikaphonya khumi, palibe chimene chimauza kompyuta, ndipo ntchito yonse yotsala imasemedwa pamalo olakwika.

Ndinayamba ndi masamu. Sikuluu imene mota imazunguza kuti makina ayende ndi T8, yoyenda mamilimita 8 ikazungulira kamodzi, ndipo driver ndinaiika pa mapalisi 1600, kutanthauza timasitepe tating'ono 1600 pa kuzungulira kamodzi. Zimenezi zimapereka masitepe 200 pa milimita, ndipo $101, nambala ya mu GRBL ya masitepe a Y pa milimita, inalidi pa 200. Mawaya ndinawayeza ndi multimeter, makoyilo onse awiri ali bwino. Chonde, musanazule waya wa mota zimitsani kaye magetsi, chifukwa kuzula driver ili moyo kumaiwotcha.

Kenako ndinalemba kaprogramu koyendetsa Y mamilimita 300 kupita ndi kubwerera ka 20, osadula chilichonse. Pa liwiro lalikulu mota inalira ngati yatsamwa, n'kuima kanthawi pamene GRBL ikupitiriza kuwerenga. Apa ndinapeza zolakwa zanga ziwiri. Timaswichi ta pa driver ndinatisiya pa 1.91A chiyambire tsiku loyesa, pamene mota yake imafuna 2.8A. Ndinasintha kufika pa 2.84A. Chachiwiri, $121, yolamula msanga umene Y imaonjezera liwiro, inali pa 300, ndipo chimtanda chonyamula sipindulo (mota yozunguza chosemera) n'cholemera kwambiri kuti chinyamuke mothamanga choncho. Ndinatsitsa kufika pa 120, liwiro la $111 ndinalichotsa pa 3000 kufika pa 2000. Mota ya masitepe imachepa mphamvu ikamathamanga, ndipo pa mavolti 24 a pawa sapulayi yanga kuchepako kumayamba msanga. Kulira kunatha.

Ndinaganiza kuti ndathana nazo. Koma nditabwereza mayeso aja, makina anabwerera atasiyana ndi poyambira theka la milimita, mwakachetechete, popanda phokoso lililonse. Ichi ndi chimene chinandidyera masiku ambiri. Ndinakayikira phokoso la magetsi lochokera ku sipindulo, n'kupatula mawaya a masitepe kuti asayende limodzi ndi chingwe chake. Ndi bwino kutero ndithu, koma vuto silinasunthe, ndipo likanayenera kundiuza kanthu poti mayesowo ndimachita sipindulo ili yozimitsa.

Chinandithandiza ndi cholembera wamba cha maka. Ndinajambula mzere umodzi kuyambira pa shafti ya mota, kudutsa pa kapulingi (kachitsulo kolumikiza shafti ndi sikuluu), mpaka pa sikuluu. Nditayendetsanso ka 20, mzere uja unali utaduka: mbali ya mota ndi ya kapulingi sizinalinso pamodzi. Mota inali kuchita masitepe ake onse mokhulupirika, koma kabawuti kakang'ono ka mu kapulingi kanali kutereka pang'onopang'ono nthawi iliyonse makina akatembenuka. Nditamasula ndinaona kuti sikanakhale pa mbali yafulati ya shafti, kanali pa mbali yozungulira, ndipo kanali katakanda mzere wowala mozungulira chitsulocho. Ndikanayamba ndi maka uja tsiku loyamba, thabwa lachiwiri likanapulumuka.

Ndinakalunjika pa mbali yafulati, ndinadonthezapo mankhwala omatira mabawuti a mtundu wa buluu, n'kumanga ndi Allen key. Ma kapulingi a X ndi Z ndinawajambulanso mizere, ndipo ndiisiya pomwepo kuti ndizingoyang'ana ndisanayambe ntchito.

Usiku wathawu ndayendetsa Y ka 50 ndipo yabwerera ndendende pa kadontho kamene ndinaboola poyamba. Mota ikufunda tsopano chifukwa cha magetsi owonjezera, koma dzanja likupirira kuigwira, ndipo swichi ya SW4 ya pa driver ndaiika kuti izichepetsa magetsi mota ikaima. Mawa ndisema chikwangwani chija pa thabwa la paini kaye. Chikatuluka bwino ndipala mlombwa wowonongeka uja n'kulemba kuseri kwake, ndipo ndalama ikapezeka ndigula pawa sapulayi ya mavolti 36 kuti ndibwezere liwiro limene ndatsitsa.