Zikomo a ku Mabvuku ndi Tafara, anyamata athu asewera ndi mayina awo

Agogo athu, amayi ndi abambo, achimwene ndi achemwali a kuno ku Mabvuku ndi Tafara mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndi inunso abale amene mukuwerenga muli ku Dedza, ku Mangochi kapena ku Johannesburg, ndabwera kudzagwada ndi kuwomba m'manja. Komiti ya makolo yandituma ine monga mlembi wake, koma mawu ambiri pano ndi anga, ndiye amene akhumudwe asakavutitse apampando, abwere kwa ine.

Loweruka lapitali timu yathu ya anyamata osapitirira zaka 15 idasewera masewero ake oyamba mu ligi ya ana. Tidagonja 2-1. Ndanena poyambirira kuti amene mudamva mphekesera yoti tidawina musandiimikenso pamjigo. Chimene tikuvinira ndi china. Pa pepala limene lidapita kwa oyimbira mpira, mwana aliyense adalembedwa dzina lake lenileni ndi tsiku lake lobadwa, ndipo kuseri kwa dzina lililonse kunali chiphaso chobadwira cha mwiniwake. Wobwereka panalibe.

Inu a kumudzi mwina mukuti nanga chodabwitsa n'chiyani pamenepa. Ndikuuzeni. Agogo athu adabwera kuno kalekale, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Mthandizi, ambiri m'nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963. Ankaphika ndi kusamala maluwa m'nyumba za azungu ku Highlands ndi ku Greendale, ena m'mafamu a fodya, ena pa fakitale ya simenti ili pafupi nafeyi. Inu kumeneko mudawatcha matchona. Kuno zitupa zawo zidadindidwa chilembo cha A, kusonyeza kuti ndi alendo, ngakhale ana awo amene mchombo wawo udagwera konkuno. Mu 2001 lamulo la unzika lidasintha. Aliyense woganiziridwa kuti ali ndi unzika wa dziko lina kudzera mwa makolo ankayenera kukaukana pa pepala m'miyezi yowerengeka, apo ayi wataya wa kuno. Ambiri mwa makolo athu adamva zitatha kale. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adakonza nkhaniyi: munthu amene adabadwira mu Zimbabwe malamulowa asanatuluke ndipo ankakhala momwemo, kholo lake limodzi likakhala lochokera ku dziko la SADC monga Malawi, Mozambique kapena Zambia, ndi nzika ya kuno. Koma lamulo lili m'buku, ndipo pa windo la ofesi pepala limafunsa pepala linzake. Mayi wopanda chitupa amavutika kulembetsa mwana. Mwanayo amakula, naye n'kubereka wake, osalembedwa. M'nyumba zina muno muli mibadwo itatu yopanda chiphaso.

Ife izi tinkazidziwa, koma tinkazidziwa mwakachetechete, aliyense ndi manyazi ake m'nyumba mwake. Adaziwulula ndi mpira. Akochi atalengeza kuti sabata yamawa aliyense abwere ndi chiphaso chobadwira chifukwa a ligi salembetsa mwana popanda umboni wa zaka, anyamata adayamba kusowa mmodzimmodzi. Uyu akuti bondo, uyu akuti amayi andituma ku Mbare. Osowawo anali ena mwa aluso kwambiri, kuphatikizapo goloboyi wathu. Akochi ndi amene adayenda khomo ndi khomo madzulo akaweruka ku ntchito, mpaka adapeza kuti bondo lililonse linali bwinobwino.

Njira yachidule inalipo, ndipo tisanamizane, tonse tikuidziwa. Mwana amatenga chiphaso cha mng'ono wake kapena cha msuweni, n'kuloweza dzina la eni ake, n'kulowa m'bwalo. Pa msonkhano ena mwa ife adanena poyera kuti matimu ena amatero, ife tidzipwetekeranji. Sindikuwaweruza, ankafunira ana zabwino. Koma ndithokoze mwapadera agogo ake a goloboyi uja, amene adaimirira ndi ndodo yawo n'kunena kuti mdzukulu wawo adapatsidwa dzina la malemu amuna awo, ndipo sadzaitanidwa ndi dzina la munthu wina chifukwa cha mpira. Adakhala pansi, nkhani n'kuthera pomwepo. Agogo, mudatipatsa ntchito yaikulu tsiku lija, ndipo takuthokozani.

Ntchitoyo ndiyo ndikufuna kuitchula bwino, chifukwa anthu amene adaigwira sadzaoneka pa chithunzi cha timu.

Amayi athu amene adapuma pa ntchito ya unamwino, zikomo. Ndinu mudatikhazika pansi n'kutiuza kuti chinthu choyamba ndi pepala la kuchipatala kapena kukiliniki losonyeza kuti mwana adabadwira kumeneko, ndipo kuti lamulo limafuna mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42, koma wochedwa satsekeredwa khomo. Mudatiuzanso zoyenera kutenga mwana akakhala kuti adabadwira pakhomo, kapena mayi ake adatisiya: kalata ya imfa, wachibale wa malemuyo wokhala ndi chitupa, mboni zimene zidaona mwanayo akubadwa ndi kukula. Mudalemba zonsezi pa katoni ya sopo, ndipo katoniyo idazungulira nyumba zambiri kuposa mbale ya chopereka.

Aphunzitsi aakulu a masukulu a ana athu, mudalemba makalata otsimikiza kuti anawa mumawadziwa, ena mwa inu mudakhala mu ofesi mpaka mdima. Abusa, ashehe a ku mzikiti, ndi amayi a Chigwirizano, mudatithandiza kupeza mboni popanda kufunsa kuti mwanayu amapemphera kuti. Ndipo inu akuluakulu a gulu lathu la maliro, sindidziwa ndiyambire pati. Buku lanu lakale lija, lachikuto chong'ambika, limene mumalembamo dzina la membala, mudzi wake, mfumu yake ndi boma lake ku Malawi, ndilo lidatilozera kwa azakhali a mwana wina amene ankakhala ku Epworth ife osadziwa, ndi kwa amalume a mwana wina ku Dzivarasekwa. Buku lolembedwa kuti munthu akamwalira adziwike kwawo, lathandiza ana amoyo. Chonde lisungeni pouma, ndipo achinyamata odziwa kompyuta akabwera kudzalijambula tsamba ndi tsamba, musawakanize.

Achimwene a kombi, amene munkanyamula agogo m'bandakucha kupita m'tauni kukaima pa mzere, n'kukana ndalama, Mulungu abwezere pamene mudachotsapo. Mizere ija si yamasewera. Munthu umafika kusanache, n'kubwezedwa masana chifukwa dzina la pa chitupa cha mayi lasiyana chilembo chimodzi ndi la pa pepala la kukiliniki. Mayina athu adalembedwa ndi anthu amene ankangolemba momwe khutu lawo lamvera, ndiye banja limodzi limapezeka ndi kalembedwe katatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo azigogo athu adadekha kuposa ife ana awo, amene tinkangotukwana chamumtima. Pali mayi wina pa windo limodzi la ofesi ija amene ankafotokoza modekha, kubwereza kawiri katatu agogo akapanda kumva, osakweza mawu. Dzina lanu sindikulidziwa, amayi, koma m'mapemphero mwathu muli.

Si onse adatheka. Anyamata awiri adakhala kunja kwa mzere Loweruka, atavala jezi koma osalowa, chifukwa nkhani za amayi awo zikadali pakati. Ana inu, sitidakuiwaleni, ndipo akochi akuti malo anu alipo.

Tsopano bwalo. Amene mumadutsa pamenepo mukukumbukira momwe lidalili dzinja lathali. Paipi ya zonyansa idaphulika chakumtunda, madzi ake n'kudzadikha pagolo la kum'mawa, anthu n'kuyamba kutayirapo zinyalala poona kuti paipa kale. Tidaletsa ana kusewerapo, ndipo ena adatida nazo. Koma ife amene tidaona kolera ya 2008, imene idapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, sitichita masewera ndi madzi otere. Paipi itakonzedwa, mudabwera ndi makasu, mafosholo ndi mawilibala. Achimwene owotcherera zitsulo mudatipangira magolo ndi mapaipi otsala. Abambo a lole mudatibweretsera dothi lokwirira maenje. Ndithokozenso agogo aakazi amene akhala akulima chimanga chakumpoto kwa bwalo zaka zonsezi. Tidakangana nawo, sindibisa, ndipo iwo anali ndi mfundo: mpira sadya, chimanga amadya. Adavomera kubweza mizere ingapo kuti kona izimenyedwa munthu osaponda mmera, ife tidalonjeza kuti anyamata azikawapalira. Makolo, lonjezo limeneli ndi lathu tonse, mvula ikagwa tisadzayambe kuyang'ana kumbali.

Ma jezi adasoka ndi amayi a makina a pamsika, manambala n'kuwadula ku nsalu yoyera ya pilo. Nambala 6 ndi 9 zidasokonekera pa jezi imodzi, koma mwini wake akuti aisunga choncho. Nsapato zambiri ndi za m'mabelo a ku Mupedzanhamo, zogulidwa ndi dola imodzi imodzi imene munkatumiza pa EcoCash, ndi ndalama zimene abale a ku Joni mudatumiza pa Mukuru. Masamu onse asungichuma adzawerenga pa msonkhano, ndi malisiti omwe, kuti pasakhale kunong'ona.

Madzi nawo ndiwatchule. Kuno mipopi idauma kalekale, ana ena abadwa mpaka kufika sekondale osaonapo madzi akutuluka pampopi wa pakhomo pawo. Mnyamata akachoka kusukulu amatenga zigubu kukaima pamjigo, ndipo nthawi ya mjigo ndi yomweyo ya mpira. Amayi a mzere wa kumunsi mudagwirizana kuti masiku ophunzira mpira muzisungira anawa malo, zigubu zawo ziziyenda pa mzere eni ake ali kubwalo. Palibe adakupemphani. Tidangoona ana ayamba kufika pa nthawi.

N'chifukwa chiyani tikuvutikira zonsezi, pomwe mwina palibe ndi mmodzi yemwe adzavale jezi ya Dynamos kapena CAPS United? Yendani madzulo kuseri kwa mashopu mukaone. Anyamata amene tidawabereka ife, amene dzana ankathamangitsa chikulunga m'misewu yomweyi, lero akhala pa kalavati maso ali gwa, mankhwala ozunguza bongo a mutoriro ndi bronco awamaliza. Ena adasiya sukulu pa Grade 7 nkhani ya chiphaso yomweyi itawafooketsa, ntchito yolembedwa sangaipeze, ngakhale layini ya foni sangalembetse m'dzina lawo. Mpira suchiritsa zimenezi, ndisakunamizeni. Koma mwana amene wathamanga maola awiri amafika kunyumba akufuna nsima ndi tulo basi, ndipo pali munthu wamkulu amene amadziwa kuti lero sadabwere. Mmodzi mwa achimwene awo amene adalowa m'zimenezi ndiye amatithirira laimu m'mizere ya bwalo masiku ano. Amabwera m'mawa kuposa tonse. Achimwene, tikukuonani, pitirizani.

Anawa timawauza za Moses Chunga, mwana wa makolo ochokera ku Malawi, amene adagwedeza bwalo la Rufaro ndi timu ya Dynamos mpaka kukasewera ku Belgium. Timawauza za Benjani Mwaruwari, nayenso magazi a kwathu, amene adatsogolera ma Warriors, timu ya dziko lino, ndipo mu 2008 adachinya Manchester United ku Old Trafford tsiku lake loyamba kuvala jezi ya Manchester City. Iwo amamvetsera, n'kuyankha m'Chishona, monga amachitira tikawalankhula Chichewa. Paja mu Januwale 2022, Flames itagonjetsa Warriors 2-1 ku Cameroon ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, m'nyumba zambiri muno agogo ankalulutira pamene adzukulu akukana kudya. Kwathu nsima idagona m'mbale usiku umenewo. Anawa ndi a kuno, mtima wawo uli kuno, ndipo tsopano pepala likuvomereza.

Akochi, ndakusungirani kumapeto dala chifukwa mukadadziwa mukadandiletsa. Simulandira kanthu. Mluzu mudagula nokha. Akazi anu atibwereke khutu: amayi, zikomo potibwereka amuna anu Loweruka lililonse, ndi pophika tiyi wa ana amene amafika kubwalo m'mimba muli pululu.

Mawu awiri kwa abambo anzathu a m'mbali mwa bwalo. Kubwera kwanu kudatisangalatsa, ena tidakuonani koyamba pa chinthu cha mwana wanu. Koma oyimbira uja ndi mwana wa munthu, ndipo penate ija inali penate. Mawu ena amene adatuluka m'chigawo chachiwiri si oti ana azimva kwa bambo awo.

Atsikana nawo atifunsa kuti yawo timu ili kuti, ndipo funsolo tilibe nalo yankho labwino. Tidzalikambirana pa msonkhano wa Lamulungu likudzali, kubwalo komweko, tikaweruka ku mapemphero a m'mawa. Bwerani ndi mipando yanu. Amene muli ndi mwana wopanda chiphaso, kaya amasewera mpira kaya sasewera, mnyamata kapena mtsikana, bwerani ndi pepala lililonse limene muli nalo, ngakhale khadi la sikelo long'ambika. Amayi anamwino aja adzakhalapo ndi katoni yawo. Ndipo ngati pali amene ali ndi magolovesi a goloboyi amene mwana wake adawakula, tikuwafuna, chifukwa wathuyu akugwira ndi manja okhaokha.