Waya uja anayenera kukhala wa olenji

Nsima yakana kulowa usiku uno. Kuno ku Matero magetsi apita, ndikulemba pa foni, ndipo maso anga akuonabe dzanja la mnyamata uja likulowa m'bokosi la magetsi.

Tinaitanidwa pa chigayo china chachikulu ku Chinika kukasintha contactor, switchi yoyatsa ndi kuzimitsa mota ya 400V. Ndinazimitsa isolator, switchi yaikulu yodula magetsi a makinawo, ndinakhoma loko, kiyi n'kuika m'thumba langa. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anali atanyamula kale screwdriver. Ndinati, "Iwe, yeza kaye." Anandiyang'ana ngati akufuna kunena kuti mwazimitsa nokha abwana, koma anayeza. Mita inalemba 230V pa terminal (pomangira waya) yachitatu kuchokera kumanzere.

Tinatsatira waya ameneyo ndi chala m'kati mwa trunking, ngalande yodutsamo mawaya, mpaka tinapeza kuti akuchokera ku bokosi lina, la lamba wonyamula chimanga. Ndi wa interlock, woti makina awiriwa azimverana. Zimenezo n'zololedwa. Chimene chandipweteka n'chakuti waya wake ndi wakuda ngati anzake onse, alibe nambala, ndipo pachitseko palibe chenjezo lililonse.

Ndinapita kwa madala amene amayang'anira zokonzakonza pamalopo. Ndi munthu wamkulu, wa imvi, ndipo ndinawafikira mwaulemu. Ndinawauza kuti IEC 60204-1, buku la malamulo a magetsi a m'makina, limanena kuti ngati pali waya wotsala ndi moto isolator itazimitsidwa, pafupi ndi chogwirira chake pazikhala chenjezo losachoka. Waya woteroyo azipatulidwa kwa anzake kapena azidziwika ndi mtundu wake, wa olenji. Wakuda ndi wa mphamvu yoyendetsa mota, wofiira ndi wa control (mawaya olamulira makina) ya AC, wabuluu ndi wa control ya DC. Wobiriwira wosakaniza ndi chikasu ndi wa earth basi, osati ntchito ina.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mwana wanga, chigayo ichi chagaya zaka zambiri. Mtundu wa waya sugaya chimanga."

Ndinati, "Madala, mwana uyu akanagwira."

"Koma sanagwire. Mesa munayeza?"

Apa m'pamene mtima wanga unatentha, ngakhale sindinakweze mawu. Inde tinayeza. Nanga amene adzabwere usiku, lamba ataima, mabwana akukuwa kuti ufa ukudikiridwa, tochi ali nayo kukamwa? Mitundu imeneyi anaiikira munthu wotopa ngati ameneyo.

Sindikuwada madalawo. Ndikudziwa mmene zimakhalira. Magetsi akabwera kwa maola ochepa aliyense amafuna makina azungulire, ndipo munthu amagwiritsa ntchito waya amene ali pafupi. Koma m'bokosi muja ndinaonanso zina. Mawaya awiri analumikizidwa pongowapota n'kukulunga tepi m'kati mwa trunking, pomwe waya amayenera kuchoka pa terminal kukafika pa terminal popanda mfundo pakati. Chitseko chili ndi mabatani ndi tinyali koma chilibe waya wa earth wochilumikiza ku bokosi, akungodalira mahinjesi a dzimbiri. Pansi pali bowo limene anachotsapo gland, chotsekera polowera waya, osatseka, ndipo fumbi la ufa ladzaza pa ma terminal moti ndinalembapo ndi chala. Pachitseko pomwepo palembedwa IP54, chizindikiro choti bokosilo n'lotetezedwa ku fumbi ndi madzi owazika.

Mayi a mnyamatayu atabwera naye kuchokera ku Chipata anandigwira dzanja ndi manja awiri, amvekere, "Atate, ndi mwana wanu uyu." Mawu amenewo andizungulira m'mutu njira yonse mu minibasi. Iye anali phee pafupi nane, akupukuta mita ija ndi malaya. Titafika pa Lumumba anandifunsa kuti, "Abwana, ndiye kuti loko sathandiza?" Ndinamuuza kuti amathandiza, koma amatseka khomo limodzi lokha. Sindikudziwa ngati ndinamuyankha mokwanira.

Madala akuti sangaimitse lamba mpaka Lamlungu. Ndiye ndinatenga tepi ya pepala n'kulembapo ndi maka kuti MULI MOTO NGAKHALE MWAZIMITSA, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi, n'kumata pamwamba pa isolator. Ndinapukuta fumbi kawiri koma ngodya imodzi inali itayamba kale kumatuka pamene timachoka. Waya wa olenji ndili naye wotsala, mamita angapo, ali m'chikwama pakhomo apa. Lamlungu likutalika.