Mbiri ya moyo wanga, gawo la 9: Pa msasa ku Beni

M'gawo lapitali ndinakusiyani titangotsika ndege pa bwalo la Mavivi, kunja kwa tauni ya Beni ku DRC. Munali mu 2018. Tinali m'gulu la Force Intervention Brigade la MONUSCO (asilikali osungitsa mtendere ku DRC), lomwe United Nations inakhazikitsa mu 2013 ndi asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa. Zigawenga za M23 zinali zitagonja kale. Amene ankasowetsa anthu mtendere nthawi yathu anali a ADF, zigawenga zobisala m'nkhalango.

Ambiri mumaganiza kuti kunkhondo mfuti zimalira tsiku lililonse. Ayi ndithu, masiku ochuluka amathera kudikira. Timadzuka kusanache n'kukhala tcheru m'maenje mpaka kuyere, kenako kupukuta mfuti, kudzaza mchenga m'matumba, kukayendera midzi, n'kubwerako jombo zili matope okhaokha. Mvula ya kumeneko siyang'ana mwezi. Munthu wokhala ndi sokosi zouma ankasiriridwa ndi tenti yonse.

Mu Ogasiti kunabuka Ebola. Pachipata anaika ndowa za madzi a chlorine, aliyense wolowa ankamuyeza kutentha kwa thupi, ndipo moni wa pamanja unaletsedwa. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ana a m'midzi anali atazolowera kutithamangira, ndiye ife n'kumangowabayibitsa chapatali.

Chakudya sichinkasowa: mpunga, nyemba, nyama ya m'zitini. Koma tsiku la nsima linkadziwika. Ukangomva mthiko ukugunda mumphika, ngakhale amene wachezera kulondera usiku ankadzuka yekha. Anthu a ku Beni amadya kwambiri chigwada, amachisinja n'kuthira mafuta ofiira a kanjedza. Nditachilawa ndinakumbuka agogo anga ku Nkhotakota, ngakhale iwo ankatendera nsinjiro. Mnzathu wina anasema bawo pa thabwa la bokosi, timiyala n'kukhala nkhomo zake. A Sajeni athu, munthu wosaseka pa perete, akafika pa bawo ankakhala wina. Ukawadyera nkhomo ankangoti, "Iwe mnyamata, ubweza zimenezi mawa." Mkangano wa Bullets ndi Wanderers ndiye sunkatha.

Koposa zonse inali foni. Netiweki inkagwira bwino pakona imodzi ya msasa, ndipo madzulo pankadzaza amuna akuluakulu atakweza mafoni m'mwamba. Mayi a kunyumba ankanditumizira mawu a mwana wathu pa WhatsApp, akuyesa kutchula "adadi". Ine sindinkawauza zoopsa. Ndinkafunsa za feteleza, za fizi, ngati denga lasiya kudontha. Nkhani zimenezi ndi zomwe zinkandigonetsa tulo.

Pakati pa Novembala, pa nkhondo ya ku Kididiwe, tinataya anzathu 6 a ku Malawi ndi mmodzi wa ku Tanzania. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete, amene anaphedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania wovulala; mu 2019 United Nations inamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Sabata imeneyo nsima inkatsala m'mbale. Madzulo tinkasonkhana, Akatolika, a CCAP, Asilamu, wina n'kuyambitsa nyimbo ya maliro, ophika n'kutiyendetsera tiyi wa shuga wambiri. M'mawa mwake ntchito inkatidikira ngati kale, ndipo tinkapita.

M'gawo lotsatira ndidzakufotokozerani mmene tinaperekezera anzathuwo ku ndege, ndi foni yomwe mayi anga anandiimbira atamva nkhaniyi pa wailesi.