Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Pakhomo pa vidiyo sho ku Ndirande

Gawo lapita ndinalekezera pamene amayi ananditumiza ku Blantyre kukakhala ndi amalume, bambo atamwalira. Chinali chaka cha 1997. Amalume anali ndi vidiyo sho ku Ndirande, chakumtunda kwa msika: chisakasa cha matabwa ndi zigamba za malata, mabenchi, deki ya matepi, ndi sikirini yotsekeredwa m'bokosi la waya kuopa akuba. TVM inali isanabadwe, inadza mu 1999, choncho ana ambiri a m'dera lathu kanema ankaonera kwathu. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkatolera makobiri pakhomo ndi kubweza matepi.

Filimu yachikondi inkatigonetsa ndi njala. Munthu asanalipire ankayamba wafunsa kuti, "Muli ndewu?" Chingerezi sitinkachimva, ndipo anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa aja anabwera pambuyo pake, ndiye nkhani yonse tinkaitola m'zibakera. Ekita ndi uyu, mkulu wa adani ndi uyo, basi. Filimu ikatha anyamata ankatuluka akuponya mateche m'mwamba, n'kutsetserekera ku Nasolo kukayeserera pamchenga. Ena ankadula mpini wa khasu pawiri, n'kulumikiza zidutswazo ndi tcheni cha galu, kumazunguza mpaka kudzigogoda nazo pachipumi.

Kuseri kwa chisakasa chathu kunali mayi wina wotcheza kachasu. Kumapeto kwa mwezi, a m'mafakitale a ku Makata akalandira, njira yochokera kwa mayiyo ndi yolowera kwathu inkasanduka imodzi.

Panali mnyamata wina woyendetsa wilibala mumsika, aliyense ankangomuti Ninja. Akakhala bwinobwino anali waulemu, ine ankanditchula kuti "mfana wanga" n'kundigulira chinangwa chootcha. Lachisanu lina madzulo anatuluka kwa mayi uja maso ali psu, n'kuwombana paphewa ndi bambo wina wachikulire, mlonda, amene ankapita kuntchito atakolowekera jasi pamkono.

"Pepani achimwene, sindinakuoneni," anatero bamboyo.

Ninja sanayankhe. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, anakunga manja monga muja tinkaonera pasikirini, n'kuzungulira ndi theche. Linafikira pansi pa khutu. Bamboyo anagwa chagada, mutu n'kumenyetsa pamphepete pa ngalande ya simenti. Phokoso lake silinali la mufilimu ayi, linali lakuti phu, ngati dzungu lagwa patsindwi.

Anthu amene anali pamzere kudikira filimu ya usiku anazungulira, ndipo ena anayamba kuimba likhweru. "Ekita! Ekita!" Wina anakuwa kuti, "Bwereza!" Bamboyo miyendo ikuphiriphitha pansi, magazi akutuluka m'khutu, anthu akudikira kuti adzuke abwezere. Amene analowa pakati ndi mayi wogulitsa zitumbuwa. Anavula chitenje chapamwamba n'kumumanga kumutu, uku akulalata: "Ana inu mwapenga? Awa si abambo anu awa?" M'pamene ena anathamangira kukafuna galimoto.

Patapita masiku amfumu anaitanitsa msonkhano, ndipo mlandu wonse unagwera mavidiyo. Amalume anaimirira n'kufunsa kuti, "Mafumu, mafilimuwa amaonera ana a Ndirande yense. Nanga bwanji omenya anthu amakhala okhaokha odzera kuseri kuja?" Sanayankhidwe, pakuti ena mwa akuluakulu okhala kutsogolo anali makasitomala a mayi yemweyo.

Amalume ankanena zoona, koma ankatetezanso m'phika wawo. Ine ndimati kachasu ndiye anachotsa ulemu wa Ninja, filimu inam'patsa theche lija, ndipo inaphunzitsa anthu ozungulira aja kuonerera munthu akuvulazidwa. Zimenezi ndinadzazionanso nditakula, nthawi ya masacheti, mowa utafika potchipa moti ndi ana asukulu omwe ankauyenda nawo m'thumba. Boma linaletsa masacheti mu 2015, mowa womwewo n'kusamukira m'timabotolo ta midoli.

Chigamulo chinali chakuti amalume asamalowetse ana ovala yunifolomu. Za kachasu sizinatchulidwe. Mlonda uja anatuluka m'chipatala akulankhula mokoka lilime, ntchito n'kumuthera. Ninja anathawa usiku womwewo, wilibala yake inatsala mumsika mpaka wina anaitenga. Amayi atamva nkhaniyi analemba kalata kuti ndichoke pakhomo pa vidiyo, ndipo Januwale wotsatira ndinapezeka ku Zomba kwa azakhali. Za kumeneko tidzakamba m'gawo 7.